Sinapse, Ndi Swichi Chabe

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu 684,107. Kalembera yemweyo anapezanso chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri: m'dziko lonse lino, nyumba zoposa theka zinkaunikira usiku ndi matochi kapena nyale za mabatire, pamene zounikira ndi magetsi zinali 11 zokha pa 100 zilizonse. Ndiye kuti kachipangizo ka magetsi kamene anthu a kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Njema ndi kwa Nkanda amakagwira tsiku ndi tsiku ndi tochi. Aliyense amene anakhalapo ndi tochi ya pamsika amadziwa mmene imafera. Imayamba ndi kuphethiraphethira, mwini wake n'kumaimenya pachikhatho kuti iyake. Pakapita masabata imayaka pokhapokha chala chikakhala chopanikiza swichi. Tsiku lina imangoti zii, mabatire ali atsopano, ndipo chigamulo cha pakhomo chimakhala chimodzi: yapsa. Imaponyedwa kudzala kapena kupatsidwa ana. Koma timababu ta tochi zamakonozi sitipsa wamba. Kawirikawiri chimene chafa ndi timalata tiwiri tam'kati mwa swichi timene tasiya kukhudzana bwino. Katundu wambiri wa magetsi amene tikutaya ndi wamoyo, ndipo chimene tikusowa kwambiri ndi luso lofufuza pamene pali vuto. Luso limeneli limaphunzitsika, ndipo anthu amene alifotokoza momveka kwambiri masiku ano ndi gulu losayembekezeka: anthu amene amapanga makompyuta akale ngati chinthu chongosangalatsa mtima.

Mu Januwale 1975, magazini ya ku America yotchedwa Popular Electronics inaika pachikuto chake bokosi lachitsulo lotchedwa Altair 8800, lopangidwa ndi kampani yaing'ono ya MITS ya Ed Roberts mumzinda wa Albuquerque. Linkagulitsidwa pamtengo wosakwana madola 500, lili tizidutswatizidutswa, wogula n'kukalumikiza yekha kunyumba. Linalibe kiyibodi, linalibe sikirini. Kutsogolo kwake kunali mizere ya maswichi ndi timagetsi tofiira basi. Bill Gates ndi Paul Allen anayambira pa makina amenewa, ndipo Allen atapita ku Albuquerque kukaonetsa pulogalamu yawo ya BASIC, anachita kulowetsa malamulo oyambirira ndi zala, swichi imodziimodzi. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1965, kampani ya Digital Equipment Corporation inali itatulutsa PDP-8, imenenso inkayendetsedwa ndi maswichi a kutsogolo. Makina enieniwo lero ndi osowa ndiponso odula. N'chifukwa chake anthu ena anayamba kupanga ofanizira. Wodziwika kwambiri ndi Oscar Vermeulen, amene mu 2015 anatulutsa PiDP-8 ndipo mu 2018 PiDP-11: nkhope ya makina akale, yokhala ndi maswichi ndi timagetsi tenitenitu, koma kumbuyo kuli kakompyuta ka Raspberry Pi kamene kamatsanzira ubongo wa makina akalewo. Wogula amalandira bolodi lopanda kanthu, thumba la maswichi, timababu ndi tizipangizo tina, n'kuwotcherera yekha chilichonse. Ndipo akamaliza, nthawi zina swichi imodzi kapena zingapo zimakana.

Pamakina otere swichi yokana siingabisike. PDP-8 imalandira nambala kudzera m'maswichi 12 oikidwa mumzere, iliyonse yoyatsa kapena yozimitsa, ndipo maswichi 12 amenewa amatha kupanga manambala 4,096 osiyana. Iliyonse ili ndi mtengo wake: yakumapeto kudzanja lamanja ndi 1, yotsatira ndi 2, kenako 4, 8, 16, kumangowirikiza kawiri mpaka yakumanzere kwenikweni imene ndi 2,048. Yakumanzereyo ikafa, theka lonse la manambala limakhala losafikirika. Ya 4 ikamatirira poyatsa, munthu akalowetsa 1 makina amawerenga 5, akalowetsa 8 amawerenga 12, koma akalowetsa 6 amawerenga 6 yemweyo, chifukwa m'nambala imeneyi 4 analimo kale. Apa pali phunziro lalikulu. Vuto la swichi limasiya mapazi, ndipo mapaziwo amatsata lamulo. Munthu amene walemba papepala zimene analowetsa ndi zimene zinatuluka angathe kuloza swichi yolakwa asanamasule n'komwe sikuluwu imodzi. Kumenya tochi pachikhatho nakonso ndi umboni wa mtundu womwewu, kungoti sitiuwerenga: chinthu chimene chimayaka chikagwedezeka sichinapse, pali penapake pamene zitsulo ziwiri zikukhudzana n'kumasiyana.

Funso loyamba la munthu wodziwa ntchito silikhala lakuti chawonongeka n'chiyani. Amafunsa kuti zakana zingati, nanga zimene zakanazo zikugwirizana pati. Anthu a ku Mulanje amalidziwa kale funso limeneli, chifukwa kuyambira cha m'ma 1970 midzi yambiri kuno yakhala ikumwa madzi a m'mipopi otsika okha kuchokera m'phiri la Mulanje. Mpopi umodzi ukauma pamene ya anansi ikutulutsa, palibe amene amakwera phiri kukaona kumene madzi amalowera. Vuto lili pampopi pomwepo. Ikauma yonse ya mudzi umodzi, anthu amatsata paipi imene imadyetsa mudziwo. Ikauma ya dera lonse, ndiye nkhani ya kuthanki. Maswichi a makompyuta ofanizirawa analumikizidwa mwa njira yomweyo. Raspberry Pi ilibe timiyendo tokwanira kuti swichi iliyonse ikhale ndi waya wakewake, choncho maswichi amaikidwa m'magulu: gulu lililonse lili ndi njira imodzi yolidzutsira, ndipo maswichi a m'magulu osiyana amabwerekana njira zobwezera yankho. Kompyuta imafunsa gulu loyamba, kenako lachiwiri, kenako lachitatu, mofulumira kwambiri moti diso silingaone. Swichi imodzi yokha ikakana, vuto lili pa iyo, pa timiyendo take kapena pa kachipangizo kotchedwa diode kamene kali pambali pake. Gulu lonse likakana, maswichiwo ndi osalakwa, ndipo kuwachotsa n'kungowononga bolodi. Swichi imodzi m'gulu lililonse ikakana, zonse zili pamalo ofanana, wolakwa ndi njira imene zimabwerekana, mwina kamwendo kamodzi kamene sikanawotchereredwe bwino pamene bolodi limakumana ndi Raspberry Pi.

Malo akadziwika, mpamene mita yoyezera magetsi imatuluka. Magetsi onse amazimitsidwa, mita imaikidwa pamene imalira mawaya ake awiri akakhudzana, ndipo nsonga zake zimagunditsidwa pa timiyendo tiwiri ta swichi. Swichi yabwino imaliritsa mita ikayatsidwa, n'kukhala chete ikazimitsidwa, ndipo imatero nthawi zonse. Yodwala imalira modukizadukiza, kapena imalira ukaipendeketsa pang'ono chabe. Ikapezeka kuti ndi yabwino, nsonga imodzi imasunthidwa kutsata kanjira ka kopa ka pabolodi mpaka pamene kulira kwathera, ndipo pomwepo ndi pamene padukira. Zimene zimapezeka pamenepo n'zochepa ndipo zimabwerezabwereza. Nthawi zambiri ndi powotcherera pamene chitsulo chowotcherera sichinatenthe mokwanira: mtovu umaoneka wotuwa, wobulungira ngati kanjere kongokhala pamwamba, m'malo mwakuti uyenderere n'kukumbatira kamwendo. Nthawi zina ndi zosiyana ndi zimenezo, chitsulo chinakhalitsa pa kamwendo mpaka pulasitiki ya swichi inafewa, kalata kam'kati n'kusuntha pamalo pake. Diode imalola magetsi kudutsira mbali imodzi yokha ndipo ili ndi kamzere kosonyeza kumene iyenera kuyang'ana. Ikatembenuzidwa, swichi yabwinobwino imaoneka yakufa. Kadontho ka mtovu kakalumikiza tinjira tiwiri toyandikana, swichi imodzi imayankhira inzake. Palinso maswichi amene amabwerera okha ukawasiya ndi ena amene amakhala pomwe wawasiya, ndipo kunja kwake amafanana, moti n'kosavuta kuwasinthanitsa malo. Pomaliza pali vuto limene silili pabolodi n'komwe: kamwendo ka Raspberry Pi kangakhale katapatsidwa ntchito ina m'mapulogalamu, n'kumaoneka ngati waya waduka. Munthu amene amasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale makina atayaka, sadziwa chimene chawachiritsa, ndipo mawa adzayambiranso pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa zonsezi, Mulanje amawonjezerapo mdani wakewake. Madera a tiyi a kumwera kwa phiri ndi ena mwa malo amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale dzinja litatha, chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza imene imanyowetsa chilichonse m'nyumba. Timalata ta m'maswichi otchipa timakutidwa ndi kautoto kochepa kwambiri ka chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo kakaperepeseka, chinyontho chimapanga kansalu kosaoneka ndi maso kamene kamatsekereza magetsi. Swichi ya pakhoma, imene imanyamula mphamvu yambiri, imaboola kansaluko yokha poyatsa. Swichi ya tochi, ya wailesi kapena ya kompyuta imanyamula mphamvu yochepa kwambiri moti imalephera kuboola. N'chifukwa chake chipangizo chimene chakhala miyezi chosagwiritsidwa ntchito chimadwala msanga kuposa chimene chimayatsidwa tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chakenso kuyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri kumachiritsa swichi ina. Mabatire oiwalika m'tochi amatulutsa madzi amene amadya sipuling'i ndi timalata, n'kusiya ufa woyera kapena wobiriwira. Nyerere ndi tiana ta mphemvu timalowa paliponse pamene pali kampata kofunda. Zimenezi si za kumudzi kokha ayi. Pa 9 Sepitembala 1947, akatswiri a pa makina aakulu a Harvard Mark II ku America anafufuza chimene chinkawalakwitsa mpaka anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika pakati pa timalata ta swichi ina yoyendetsedwa ndi maginito, ndipo anakamata m'buku lawo la ntchito. Mankhwala ake ndi otchipa: kupala timalata pang'ono ndi pepala lokhakhala losalala kwambiri, kupukuta ndi sipiriti, kuumitsa bwino, ndi kuchotsa mabatire m'chinthu chilichonse chimene chikukasungidwa.

Wina anena kuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta a ku Ulaya, amene ali ndi nthawi ndi ndalama zotsitsimutsira makina a zaka 50 zapitazo, pamene mwana wa ku Muloza akusowa buku. Pa mtengo akunena zoona. Bokosi limodzi la PiDP limadya madola ambiri, osawerengera Raspberry Pi, ndalama yotumizira ndi msonkho, ndipo palibe chifukwa chakuti sukulu ya kumudzi iwononge ndalama zotere. Koma chofunika kutenga kwa anthu amenewa ndi kaganizidwe kawo, ndipo kaganizidwe sikalipira msonkho pachipata. Chimene chimapangitsa makina awo kukhala mphunzitsi wabwino n'chakuti chilichonse chili poyera: swichi ukuiona, waya ukumuona, kababu kamene kayenera kuyaka ukukaona. Bolodi la maswichi asanu ndi atatu, timababu tisanu ndi titatu ndi mabatire awiri lingathe kupangidwa ndi zotsalira za matochi ndi mawailesi akufa, ndipo lingaphunzitse zonse ziwiri, kawerengedwe ka kompyuta ndi kafufuzidwe ka vuto. Dziko lino lili kale ndi umboni wakuti njira imeneyi imabala zipatso. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ku Kasungu, asanamange makina ake a mphepo mu 2002 ali ndi zaka 14, anaphunzira magetsi pomasula mawailesi akufa n'kumatsata kuti mawu athera pati. Atakokera magetsi m'nyumba anapanga yekha maswichi, ndiponso kachipangizo kodula magetsi pakachitika shoti, kuchokera ku misomali, waya ndi maginito. Dziko lapansi linachita chidwi ndi nsanja ndi mapiko ozungulira, koma luso limene linamufikitsa kumeneko analipeza m'mimba mwa wailesi.

Wina anenanso kuti amisiri tili nawo kale, ndipo n'zoona. Pa Chitakale, pa Limbuli, pa Chinakanaka ndi pa Nkando pali achinyamata amene amakhala pa timatebulo todzaza mafoni otsegula, ndipo ambiri a iwo anadziphunzitsa okha kapena anaphunzira poyang'anira mnzawo. Ayenera ulemu, chifukwa popanda iwo theka la mafoni a m'boma lino bwenzi ali chete. Koma kuphunzira poyang'anira kumapatsa munthu mndandanda wa matenda amene anawaonapo ndi mankhwala ake: ikakana kutchaja sintha potchajira, ikakana kuyaka sintha batire. Matenda achilendo akabwera, mndandanda umatha, ndipo mpamene timamva kuti IC, kachipangizo kam'kati mwa foni, yapsa, mungogula ina. Nthawi zina yapsadi. Nthawi zina ndi kabatani koyatsira kamene kadzaza thukuta ndi fumbi. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna mita ndi njira yofunsira mafunso motsatana, ndipo zimenezi mmisiri amene ali kale ndi dzanja labwino angaziphunzire m'masabata ochepa. Apa TEVETA, imene yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ili ndi ntchito yooneka: maphunziro afupiafupi a kafufuzidwe ka vuto, ochitikira pamisika pomwepo, a anthu amene sangasiye tebulo lawo chaka chathunthu kupita kukoleji.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha ndalama. Tochi ya pamsika ndi yotchipa moti mmisiri akati alipiritse nthawi yake, mwini tochi aona kuti kuli bwino kugula ina. Pa tochi imodzi zimenezi n'zomveka, ndipo n'chifukwa chake tochi iyenera kukonzedwa pakhomo, ndi mwana wa sukulu amene anaphunzira kupala timalata. Koma masamuwo asintha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chokhala ndi waya chimachokera kunja n'kugulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Komanso katundu amene akulowa m'midzi tsopano salinso wa mtengo wa tochi. Pali masola a panyumba okhala ndi mababu angapo ndi potchajira foni. Pali mapampu a sola a m'madimba. Ku Bondo, mtsinje wa Lichenya umapukusa makina a Mulanje Electricity Generation Agency, MEGA, amene amapereka magetsi kumidzi imene nthambo za ESCOM sizinafike, ndipo kumene kwafika magetsi kumabwera zigayo, mafiriji, makina ometera ndi owotcherera zitsulo. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi swichi, fyuzi ndi polumikizira mawaya, zinthu zitatu zimene zimayamba kufooka. Pampu ya sola ikaima mu Okutobala chifukwa cha polumikizira pamene pachita dzimbiri, mlimi amataya mbewu za dimba lonse podikira munthu wochokera ku Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 60, kudzagwira ntchito ya mphindi khumi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 n'kudula misewu ndi milatho ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, zinaoneka poyera kuti dera limene likudalira mmisiri wakutali limakhala mumdima mpaka msewu utatseguka.

Otsutsa ena amayang'ana kutsogolo. Iwo amati zipangizo zamakono n'zomata, sizitsegulidwa, ndipo mwana wa lero aphunzire kulemba mapulogalamu m'malo motaya nthawi ndi timalata. Boma linayamba mu 2023 kugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a makalasi oyambirira aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu, ndipo cholinga chake n'kufikira sukulu zonse za boma. Ndi ntchito yabwino. Koma tabuleti iliyonse ili ndi kabatani koyatsira, potchajira ndi polowetsa mahedifoni, ndipo imatchajidwa ndi sola kudzera m'mawaya, mabatire ndi maswichi. Galasi ndi ubongo wa tabuleti mphunzitsi sangazikonze, koma kudziwa ngati vuto lili m'tabuleti, m'chingwe kapena m'bokosi lotchajira ndi funso lija lakuti zakana zingati ndipo zikugwirizana pati. Sukulu imene ili ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa kufunsa chotero siingatseke phunziro mwezi wathunthu chifukwa cha fyuzi. Ndipo kulemba mapulogalamu sikulimbana ndi luso limeneli. Wolemba mapulogalamu amathera nthawi yake yambiri akufufuza pamene walakwitsa, pogawa vuto pakati, kuyesa mbali imodzi, n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mwana amene anazolowera kutero ndi mita m'manja amakafika pa kiyibodi ali ndi khalidwe limenelo kale. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ili pafupi pomwepa, ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo ophunzira ake a uinjiniya angathe kupanga mabolodi ophunzitsira otere n'kuwafikitsa m'masekondale a ku Mulanje popanda kudikira thandizo la kunja.

Pali malire amene ayenera kunenedwa mosabisa. Njira zokonzera zimene zafotokozedwa pano ndi za magetsi a mabatire, a mavoti osapitirira 12, amene munthu angawagwire ndi chala osavulala, ngakhale kuti batire lalikulu la sola likachita shoti limatha kutentha waya mpaka kuyatsa moto. Magetsi a pakhoma, a mavoti 230, kaya ndi a ESCOM kaya a MEGA, amapha, ndipo swichi ya pakhoma ikayamba kuthetheka kapena kununkha pulasitiki wopsa, ntchito ya mwini nyumba ndi kuzimitsa pa meni swichi n'kuitana mmisiri wa chiphaso. Phunziro labwino limayambira pa kusiyanitsa ziwirizi. Kupatula apo, zofunika n'zochepa: mita imodzi pa ana anayi kapena asanu, chitsulo chowotcherera chimene chingayendere batire la sola, mtovu, sipiriti, ndi katoni ya matochi ndi mawailesi akufa imene mudzi uliwonse ungasonkhe m'sabata imodzi. Mphunzitsi amaika dala vuto pabolodi, kutembenuza diode pano, kusiya kamwendo kosawotcherera apo, ndipo ana saloledwa kumasula kanthu asanalembe papepala pamene akuganiza kuti pali vuto ndi chifukwa chake. Silabasi ya sekondale ili kale ndi mutu wa magetsi m'phunziro la Physics, ndipo ana amajambula swichi, batire ndi babu m'makope mwawo chaka chilichonse pokonzekera mayeso a MSCE. Maola awiri pa sabata a kalabu ya sayansi angakwane kuti zojambulazo azigwire ndi manja.